Mmene Dona Anagwadira M'munda wa Tiyi

Ndikukumbukira mmawa wina wa dzinja, ndili ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi, tikuthyola tiyi ndi amayi m'munda wa kumtunda kwa esiteti. Kwathu kugwada kunali ngati kupuma. Tinkagwada popereka madzi kwa abambo, polankhula ndi akapitawo, ngakhale polandira mchere kwa anansi. Koma mzungu ndinali ndisanamuonepo atagwada, moti ndinkaganiza kuti mawondo a azungu ndi ouma ngati nthambi za bulugama.

Amayi anali oyembekezera. Mwadzidzidzi anatula dengu n'kukhala pansi pakati pa mizere. Anzawo anawatchinga ndi nsalu, ine n'kundithamangitsa, koma sindinapite patali. Mwana anabadwira pomwepo, pa dothi lofiira lonyowa. Sanalire. M'munda monse munkangomveka madontho a mvula pamasamba.

Akapitawo anathamangira kumsewu n'kuimitsa dona wina wachizungu, namwino wa ku mishoni ya a Sabata, amene ankadutsa pa njinga. Anali mlendo, Chinyanja asanachidziwe. Anabwera ndi diresi lake loyera mbee, ndipo osayang'ana n'komwe pansi anagwada m'matope muja. Ine ndinangoti kukamwa yasa.

Azimayi onse anali kalikiliki ndi amayi, amene ankataya magazi. Dona anandikodola. "Kneel!" anatero. Ndinamva ngati akuti "nili", ndipo ndinangoima. Anandigwira bondo. "Knee," anatero, kenako anandikokera pansi. "Kneel." Ndinagwada. Anagoneka kamwanako pamiyendo panga, koterera, kozizira. Anakapukuta m'kamwa ndi chala, n'kuyamba kukauzira mpweya. Mawondo athu anagundana, ake ndi anga, onse ofiira ndi dothi limodzi. Ndinkamva fungo la sopo wake ndi la tiyi wofinyika pansi pathu.

Kenako kachifuwa ka mwanayo kanatukuka pansi pa dzanja langa. Mwana analira. Mayi wina wachikulire anayamba kululutira, misozi ili chuchuchu, akuti, "Wabwerera, anthuni, wabwerera!"

Patapita zaka, aphunzitsi anatilembera mawu aja akuti "kneel" pa sileti. Anatiuza kuti Azungu anawatenga ku dzina la bondo m'chinenero chawo, ndipo k woyambirirayo makolo awo ankamutchula, koma ana anamusiya, wangotsala m'kalembedwe. Anzanga anaseka chilembo chosalankhulacho. Ine sindinaseke nawo, maganizo anali kumunda kuja.

Masiku ano azimayi a pa esiteti amachirira kuchipatala, pabedi, namwino ataimirira. Adzukulu anga amandipatsa madzi ali chilili, ndipo sindiwadzudzula. Nanenso mawondo anakana kalekale. Kutchalitchi akati tigwade, ine ndimangoweramitsa mutu ndili pabenchi, ndipo mng'ono wanga wobadwira m'munda uja, amene pano ali ndi imvi mutu wonse, amagwada pambali panga m'malo mwa tonse awiri.