Kachubu kamene ndinabisa m'chigafa

Ndinakwatira chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Nsaru. Munda wa fodya unali wa akazi anga, malo a nyumba anali a kwawo, ndipo nkhoswe yawo anali atsibweni awo, bambo wabwino mtima koma wosasunga nkhani. Chimene amva m'mawa, madzulo chinkakhala chili pabawo.

Vuto langa ndinali nalo kuyambira pachiyambi, koma linakula ana awiri atabadwa. Tikakhala malo amodzi monga banja ndinkamaliza msanga, nthawi zina tisanapite n'komwe patali. Akazi anga sankanena kanthu. Inenso sindinkanena kanthu. Kukacha aliyense ankatenga khasu lake.

Ndinkadziwa kumene nkhani zotere zimathera. Munthu wina wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, mkamwini ngati ine, mkazi wake anakadandaula kwa ankhoswe. Banja linatha. Anamanga katundu wake panjinga n'kubwerera kwawo, koma dzina limene anamupatsa pabawo, loti Atambala, linamutsatira mpaka komweko. Akamaseka za iye, ine ndinkangoyang'ana njere m'maenje.

Ndinayesa gondolosi, monga amachitira amuna ambiri kwathu. Ndinatafuna mizu mpaka nsagwada kuwawa. Amati gondolosi amawonjezera chilakolako, koma changa sichinali choperewera.

Chaka china nditapita kumzinda kukagulitsa fodya ku okushoni, ndinalowa m'sitolo yogulitsa mankhwala. Ndinafotokoza vuto langa m'Chingerezi, motsitsa mawu, chifukwa m'Chichewa ndinkaona ngati ndavula pagulu. Mayi wovala malaya oyera anandipatsa kachubu kakang'ono ka mankhwala opaka. Anati amachititsa dzanzi pakhungu kuti mwamuna asamve kwambiri msanga. Anayamba kundifotokozera kapakidwe kake, koma kumbuyo kwanga kunali kutafola anthu. Ndinati ndamva, ndisanamve. Katoni ndi kapepala ka malangizo ndinazitaya kudepoti kuti wina asadzaziwerenge kunyumba. Kachubu ndinakabisa m'chigafa, pamwamba pa mulu wa mikangala imene timapachikira fodya.

Ine ndine mlimi. Chimanga chikamafiira timawonjezera fetereza. Ndi nzeru imeneyo ndinapaka mankhwala ambiri, osadikira, osapukutanso. Thupi langa silinamve chilichonse, moti ndinalephereratu. Choipa kwambiri n'chakuti dzanzi lija linawagwiranso akazi anga, iwo osadziwa kumene lachokera. Zitachitika kachiwiri, anachita mantha. Pambuyo pake anandiuza kuti ankaganiza ziwiri: mwina ndabwera ndi matenda kuchokera kumzinda, kapena ndapita kwa asing'anga kukatenga mankhwala oti ndiwamange asadzayang'ane mwamuna wina.

M'mawa wina akusesa pakhomo anandiuza osandiyang'ana. "Abambo, ndawaitana atsibweni. Abwera Loweruka."

Ndinayamba kuganiza za katundu wanga amene angakwane panjinga.

Masiku amenewo tinkasankha fodya wotsala, wa masamba akumunsi. Masana ena tili awiri m'chigafa, akazi anga anaimirira kuti achotse mikangala pamene ankafuna kuyala chiguduli. Kachubu kanagwa pamapazi awo. Anakatola, n'kukatembenuza. Zilembo zake zinali zing'onozing'ono, za Chingerezi cha kuchipatala.

"Kodi aka n'kachiyani?"

Iwo sanadikire yankho. Anatsegula, ananunkhiza, kenako anafinyira pang'ono kunsonga kwa chala n'kukhudza pamlomo wam'munsi. Anakhala pansi n'kupitiriza kusankha fodya ngati palibe chachitika. Patapita kanthawi anasiya. Anagwira mlomo, n'kuutsina.

"Abambo, mlomo wanga wachoka."

Anautsinanso. Kenako anayamba kuseka, mlomo utalemera, mpaka misozi kutuluka.

"Awa ndi abale ake a mankhwala aja anandibaya pochotsa dzino. Tsaya lonse linali ngati la munthu wina. Ndiye mumandipaka zimenezi osandiuza? Ine kumaganiza kuti ndayamba kufa chakumunsi!"

"Sindimapaka inu, amayi. Ndimapaka ine."

"Nanga mukapaka inu, amathera kwa yani?"

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira gondolosi mpaka katoni ya kudepoti. Anamvetsera osandidula. Kenako anati ndiwasonyeze kuchuluka kwa amene ndinkapaka. Ndinayerekezera pachala.

"Eee! Mumayesa mukuthira yureya eti?"

Kuseka kutatha anayamba kuwongola tsamba la fodya pabondo. Zimene ananena pamenepo ndimazikumbukira mpaka lero.

"Vuto lanulo ndimalidziwa kalekale, sindine mwana. Sindikadaitanira atsibweni zimenezo. Chimene chinkandipweteka n'choti mukatha mumangokhala duu, ngati ndakulakwirani ine. Munthu ungafunse bwanji khoma?"

Mawa lake anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kunena kuti tikupita kuchipatala. Ndinati ndipita ndekha. Anati amene anapita yekha ulendo woyamba tamuona zimene anabwera nazo. Ndinawakweza panjinga. Pamzere, mayi wina wa m'chigwirizano cha amayi a kutchalitchi kwathu anawafunsa amene akudwala. Anayankha kuti abambowa amaiwala zimene adokotala awauza, ndiye abwera kudzawagwirira makutu. Mayi uja anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'chipinda cha adokotala ndi iwo amene anaika kachubu patebulo ndi kuyamba kulankhula, m'Chichewa, mawu aliwonse pamalo pake, osachita manyazi ndiponso osandichititsa manyazi. Ankati "ife", osati "iwowa". Adokotala, bambo wa imvi, sanadabwe. Anati amuna ambiri ali ndi vuto limeneli, ndipo silitanthauza kuti munthu alibe mphamvu kapena sangabereke. Anati mankhwalawo ndi oyenera, cholakwika chinali kapakidwe. Amafunika pang'ono chabe, chakunsonga, nthawi isanakwane. Munthu adikire kanthawi kuti alowe m'khungu, kenako apukute bwino kapena asambe, kuti asapatsire mkazi. Akachuluka amapha kumva konse. Pakhungu pakakhala chilonda osapaka, ndipo pakayamba kuyabwa kwa aliyense wa ife tisiye, tibwerenso. Anawonjezera kuti mankhwala okha sachiza, amangopatsa munthu mpata. China n'kusathamanga, kuima pang'ono pamene ukumva kuti wayandikira, ndi kulankhulana.

Akazi anga anabwereza zonse mmene anazimvera, monga amachitira akalandira mankhwala a mwana. Adokotala anavomera. Pobwerera, pachitunda pamene tonse timatsika njinga, akazi anga anandifunsa kuti ndibwereze inenso.

Koma uthenga unali utapita kale, ndipo nkhoswe ukaiitana siibwezedwa panjira. Loweruka atsibweni anafika atavala jekete, buluku atalimanga m'miyendo kuopa tcheni. Anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinakhala pambali, manja ali pamaondo. Mawu amodzi okha ochokera kwa akazi anga akanandipatsa dzina pabawo tsiku lomwelo.

Akazi anga anabwera ndi thobwa, anagwada, n'kupereka.

"Ndamva kuitana, mbumba yanga. Ndafika. Tiyeni nayo."

"Nkhani inalipodi, atsibweni, koma taikonza tokha. Pepani kuti takuvutitsani."

"Mwaikonza nokha? Nanga ine ntchito yanga n'chiyani? Kodi akamwiniwa akukumenya?"

"Ayi."

"Apeza wina kumzindako eti? Amuna a fodya timawadziwa."

"Awawa? Angakamuyambe ndi mawu ati, munthu wosalankhula chonchi?"

Atsibweni anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi.

"Ndiye ine ndapalasira chiyani njinga dzuwa lonseli?"

"Mwapalasira thobwa, atsibweni. Imwani, ndikuwonjezereni."

Atsibweni anayesa mbali iyi ndi iyo, koma sanapeze polowera. Anachoka ndi kathumba ka mtedza pakaliyala, akudandaula kuti ana amakono amaitana nkhoswe ngati akuitana kabaza. Zaka zonse zimene anakhala ndi moyo, tikakumana pamaliro kapena pamsika ankandikokera pambali n'kufunsa kuti kodi inali nkhani yanji ija. Ndinkawauza kuti akafunse amene anawaitana.

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Panali masiku abwino ndi ena obwerera m'mbuyo, koma pa obwerera m'mbuyowo tinkalankhula, nthawi zina n'kuseka. Mankhwala sitiwagwiritsa ntchito nthawi zonse. Akatha ndimakagula, ndipo tsopano ndimaima mpaka wogulitsa amalize kulankhula, kaya kumbuyo kwafola anthu angati.

Kachubu sikanabwererenso m'chigafa. Akazi anga anati mankhwala a anthu awiri sakhala kumene kumakhala makoswe. Amakasunga okha m'kachitini kamene amaikamo mikanda yawo. Ndikadali m'mudzi womwe uja, ndikulima munda womwe uja, ndipo pabawo amanditchula dzina la mwana wathu woyamba.