Pepala la Magazi a Che Shaibu

Mundikhululukire owerenga, poti ine si mlembi, ndipo za chipatala sindizidziwa bwino. Ndalimba mtima chifukwa nkhani ya Che Shaibu yandikhala pakhosi zaka zitatu tsopano. Pena ndikalakwitsa, cholakwacho ndi changa.

Che Shaibu anabwera ku Lilongwe kuchokera ku Balaka ali ndi makina osokera okha basi. Mwendo wawo wamanzere unapuwala ali mwana, motero wakumanja ndiwo unkadyetsa banja. Pakhonde la golosale ina pa Nsungwi, mwendo umenewu unkapalasa makina tsiku lonse, ndipo ana ambiri a m'dera la 25 anavala yunifolomu yotuluka pamenepo. Ankati akamva kulira kwa makinawo, ngakhale mutu unkasiya kuwawa.

M'mwezi wa Meyi 2002 minibasi inawagunda akuwoloka msewu kukagula ulusi. Fupa la pansi pa bondo lakumanja linathyoka pawiri. Kuchipatala anawachita opaleshoni n'kuikamo chitsulo, koma miyezi inatha isanu ndi iwiri fupa osalumikizana. Akati autsitse mwendo kuti apalase, unkatupa ngati mtsamiro. Makina anabwera kunyumba n'kufunditsidwa chitenje. M'mawa uliwonse Che Shaibu ankavundukula, kuthira mafuta, kuzunguliza gudumu ndi dzanja kawiri katatu, kenaka n'kufunditsanso.

Mu Januwale kunabwera dokotala wina wachilendo, wodzakhala milungu iwiri yokha. Iye anati angayese njira yatsopano: kutenga magazi a Che Shaibu omwewo, kuwazunguliza m'kamakina mpaka apatuke, ndi kubaya madzi achikasu apamwambawo pamene fupa linathyokera, kuti mwina lifulumire kugwirana. Sanalonjeze kanthu. Anangowapatsa pepala la Chingerezi loti asaine.

Koma imeneyo inali nthawi ya mphekesera za opopa magazi. Akazi awo, Mayi Emmie, anali atangomva za kumudzi kuti anthu akugona panja ndi mantha.

"Bambo a Mwayi, mwendo wapita, ndiye mufuna apite ndi magazi omwe?"

"Akuti abwezera mommuno, mayi."

"Akuti! Inuyo mukamadula nsalu ya kasitomala, zotsala mumabweza zonse?"

Che Shaibu anaseka, koma mtima unali pawiri. Anatenga ndodo zawo, pang'onopang'ono mpaka kwa mphunzitsi wa nyumba yoyandikana nayo. Ankakhulupirira kuti munthu wa sukulu sangaope pepala.

"Aphunzitsi, tandiwerengerani. Mukati ndipite, ndipita."

Mphunzitsiyo anawerenga kawiri chamumtima. Anaona kuti palibe za kupopa, koma anaonanso mzere wonena kuti pobayapo pangathe kutupa kapena kulowa matenda. Anaopa kuti zikavuta, anthu adzaloza iye. Anapinda pepala bwinobwino nati, "Ine si dokotala, Che Shaibu. Muganize nokha."

Che Shaibu anaona ngati munthu wophunzira wapezamo choopsa koma akubisa. Tsiku loitanidwa sanapite. Dokotala uja anabwerera kwawo, ndipo Che Shaibu atapitanso kuchipatala anauzidwa kuti kamakinako anapita nako.

Fupa linagwirana mochedwa, mokhota, ndipo mpaka lero silipirira kupalasa. Masiku ano makina akuliranso, koma amapalasa ndi Mayi Emmie atakhala pampando pambali, amuna awo akuwongolera nsalu.

"Pang'onopang'ono, mayi, si njinga iyi!"

"Mukachulutsa zonena ndikusiyirani mupalase ndi pakamwa."

Amaseka onse. Koma ndaonapo phazi lakumanja la Che Shaibu likugwedera lokha pa simenti, kutsatira kulira kwa makina, eni ake osadziwa.

Mphunzitsi uja ndine. Sindinganene kuti jakisoni ameneyo akanawachiritsa, ayi, zimenezo sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti anandipempha kuti ndiwawerengere, ndipo sindinawawerengere. Pepalalo amalisungabe m'kabokosi ka mabatani. Loweruka ndipita kukawawerengera lonse m'Chichewa, mzere ndi mzere, Mayi Emmie ali pomwepo, ndipo ndikawauza kuti tsiku lija ndinkaopera dzina langa. Lolemba ndikapempha tchuthi kusukulu, tikwere minibasi limodzi, tikafunse ngati patsala njira ina iliyonse ya mwendo umenewu.