Theka la mbereko latsala ku Nkhamenya

Lachiwiri lapitali anandikanira mphatso, ine munthu wamkulu, amayi onse akuona.

Kuseri kwa Nkhamenya kuli chigafa china chimene fodya akangochoka, amayi amalowamo ndi masingano. Amalumikiza zigamba za zitenje zakutha n'kusoka zofunda. Ndi manja omwe aja ankasoka masamba a fodya mpaka zala kuda bii ndi utomoni.

Nditamva kuti akusokera chofunda mnzawo amene akuchoka, ndinagula chitenje chatsopano, n'kupita nacho mapewa m'mwamba. ANyaGondwe, mtsogoleri wa gululo, anachitambasula, kuchinunkhiza, kenaka n'kundibwezera. Anati n'chokongola ndithu, koma sichikudziwa munthu aliyense. Iwo amafuna nsalu imene yapitako kudimba, kuchigayo ndi kumaliro. Manyazi ake! Ndinavula duku langa lakale, ndipo limenelo analilandira ndi manja awiri.

Wochokayo ndi amake Esinati, tenanti wa ku Phalombe. Mwini esiteti wasiya kulima fodya, ndiye Loweruka lole ibwera kudzawatenga. Katundu wawo ngwochepa, akwana pakona. Amene sangakwere loleyo ndi Esinati. Malungo anamutenga m'dzinja asanayambe n'kuyenda komwe, ndipo poti kwawo n'kutali, mudzi woyandikana ndi esitetiyo unawapatsa malo kumanda.

Chimene chikumudya mayiyu n'chimodzi. Iye akapita, udzu ukamera, ndani adzadziwe kuti pakamtumbira kaja pagona mwana wa munthu?

Inu anzanga a kuno, matenanti mumawadziwa mayina? Ife timangoti "a pa esiteti". Amabwera mvula ili pafupi, timakhala nawo benchi limodzi m'tchalitchi, timatunga nawo pamjigo, koma akachoka palibe amafunsa komwe alowera. N'chimodzimodzi ndi zitenje zathu. Chikangosuluka, basi chasanduka chopukutira mapazi, ife tathamangira china kumsika. Amayi a m'chigafa muja khalidwe limeneli alibe.

Dzuwa litapendeka, amake Esinati anatulutsa m'thumba chitenje chobiriwira, choperepeseka pakati pomwe pankakhala mwana. Inali mbereko yake. Masingano onse anaima. ANyaGondwe anamunyengerera kuti asachidule, apite nacho chathunthu ku Phalombe, koma iye anangopempha sizasi.

Anachidula pakati. Theka anapereka kuti lilowe m'chofunda chimene ankamusokera chija. Linalo analipinda bwinobwino n'kuliika pamiyendo pa aNyaGondwe.

"Ili mulisokere m'chofunda chanu, amayi. Mukamafunda muzikumbuka kuti ndasiya mwana kuno."

ANyaGondwe anasisita nsaluyo ndi chala. Kenaka anamugwira dzanja.

"Pita bwino, mwana wanga. Khasu ndili nalo. Esinati sagona m'tchire ine ndili moyo."

Ndinalira, sindikubisirani. Ena anabwerera ku masingano misozi ili m'maso, chifukwa Loweruka silidikira munthu ndipo chofunda chinali chisanathe.

Chitenje changa chija ndayamba kuchivala popita kudimba. Mwina chikadzasuluka adzachilandira.

Nanga kumanda a m'mudzi mwanumo, timitumbira ta ana amene makolo awo anakwera lole, akulambula ndani?