Azakhali a pa Nsanja ya Nyali

Azakhali anga anapita pachilumba china ali mtsikana, atangokwatiwa ndi mlonda wa nsanja ya nyali. Chilumbacho ndi thanthwe chabe, lopanda mtengo, ndipo ukaima pamenepo kumtunda sikuoneka. Nsanjayo inamangidwa kalekale, sitima ina itasweka pamiyala yobisika m'madzi. Ntchito ya mlonda inali kuyatsa nyali yapamwamba kuti oyendetsa sitima azilambalala.

Tsiku lina la nkhungu amuna awo anapita kukatenga parafini, osabweranso. Boti lawo linapezeka litagadabuzika. Azakhali analira, kenako anakwera masitepe n'kukayatsa nyali. Akuluakulu a padoko ataona kuti ntchito ikuyenda, anangowasiya. Ngakhale ataikapo nyali yoyaka yokha ndi mphamvu ya dzuwa, Azakhali anakana kuchoka.

"Nanga galasi ladzipukuta lokha?" ankatero.

Chaka chatha bambo anandituma kuti ndikawatenge mlongo wawoyo. Titafika pachilumbapo, woyendetsa boti anakana kutsika.

"Mayi, musachedwe. Mwaona? Palibe mbalame pano. Kale pathanthwepa pamachita mbuu ndi zitosi."

Azakhali anandilandira kukhitchini, kachipinda kogundana ndi nsanja. Anali ataonda, milomo itang'ambika ndi mphepo. Anandiyang'ana mimba n'kuseka.

"Iwe mwana wa achimwene, wanenepa chonchi ukwanitsa masitepe anga?"

Tikukwera, ndinaona mng'alu pakhoma. Unayambira pansi n'kumatiperekeza mpaka pamwamba. Pena ankatsekamo nsanza. Ndinalowetsamo dzanja, linalowa lonse, ndipo m'katimo munkatuluka kamphepo kozizira konunkha ndere.

Titabwerera kukhitchini ndinamva kugunda pansi pa mapazi anga. Gu! Tiyi m'kapu ananjenjemera.

"Ndi madzi amenewo," anatero Azakhali akuthira shuga. "Aboola phanga kunsi kwa thanthwe. Kale ankagogodera kunja uko. Masiku ano afika pansi pa tebulo."

"Azakhali, tiyeni tizipita, chonde."

"Ukawauze bambo ako kuti ndibwera mphepo ikatha."

Ndinawagwira dzanja, iwo analichotsa mwaulemu. Panja woyendetsa boti anali atalizitsa kale injini. Ndinachoka mtima uli m'malere.

M'nyengo ya mphepoyo khitchini inagumukira m'nyanja masanasana, pamodzi ndi masitepe a m'munsi. Mwayi wake, Azakhali anali pamwamba akupukuta galasi. Anakhala kumeneko masiku angapo, akunyambita mame a pawindo, mpaka asodzi ataona bulangeti likukupiza pachitsulo. Anawatsitsa ndi chingwe.

Pano amakhala kwathu, m'chipinda moyang'ana kumsewu. Amadya pang'ono, salankhula kwambiri. Lole yolemera ikamadutsa, nyumba n'kunjenjemera, amadzuka msangamsanga, amagwira adzukulu m'manja n'kuwatulutsa panja. Anawo amaseka, amayesa ndi masewera.