Nsato ya mzere woyera

Chaka chimene mliri unatitsekera m'nyumba, ndinkagwira ntchito kunja kwa dziko lathu, ku Al Warqa, kwa bwana wina woweta nsato zing'onozing'ono, zija zimadzipinda ngati mpira zikachita mantha. Ndege zitaima, bwanayo anatsekeredwa ku dziko lina. Tinatsala awiri: ine ndi mayi wina wa ku Chipata, amene anali atasamalira njokazo zaka zambiri ine ndisanabwere. Mbali yanga inali bokosi lofundira mazira. M'mawa, masana ndi madzulo ndinkalemba kutentha kwake pa kapepala, ndipo mapepalawo ndili nawo onse.

Mazira a nsato ina ataswa, ana ambiri anatuluka ndi mawanga a masiku onse, koma kamodzi kakamuna kanali ndi mzere woyera kuchokera m'khosi mpaka kumchira. Bwana ataona chithunzi anapsa mtima. Anati mzere wotere umabwera mazira akatenthedwa mosasamala, ndipo ananditumizira kalata yochenjeza, kuti viza yanga ikatha sadzaiwonjezera. Ine, munthu wa imvi, kundilembera kuti ndine wosasamala! Ndinayala mapepala anga patebulo kuti mayi uja awaone.

Anawawerenga onse, mpaka anafika pa tsiku lina limene magetsi anazima masana, limene ndinalemba ndekha osabisa. Anati tsiku limenelo likhoza kukhala chifukwa, likhozanso kusakhala. Kenako anandiphunzitsa chimene oweta amachitcha mofu. Njoka kuoneka mwachilendo si mofu ayi. Chilendocho chiyenera kukhala m'magazi, chipite kwa ana ndi kwa adzukulu m'njira yoti ungathe kuneneratu. Ngati chinabwera ndi kutentha, chidzathera pa njoka yomweyo.

"Mapepala anu ndi abwino, madala," anatero, "koma mlandu uwu adzaweruza ndi mazira."

Anakalera kanjoka kaja kupitirira chaka. Bwana atabwerera anafuna kukagulitsa, mayiyo anakana, ndipo bwana sankatsutsana naye pa za njoka. Katakula, mayi uja anandiuza kuti akaika pamodzi ndi nsato yaikazi imene inakabereka, kuti ziswane. Ndinakwiya kuposa tsiku la kalata. Mwana ndi mayi wake? Ndinati kwathu amenewo ndi malaulo, ndipo sindingatsuke dzina langa ndi chinthu chonyansa. Bwanji osakapatsa nsato yachilendo, yosakhala yachibale?

Sanandiseke. Anati nayenso zinamunyansa poyamba. Anatenga nyemba zoyera ndi zofiira, nayamba kuziika ziwiriziwiri. Mofu ina imabisala, anatero. Imaonekera pokhapokha mwana akailandira kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Makolo a kanjokako anali a mawanga wamba, ndiye ngati mzerewo uli m'magazi, onse awiri anaunyamula mobisa. Tikakapatsa nsato yachilendo, ana onse adzatuluka wamba, tidikirenso zaka kuti adzukulu alankhule.

"Viza yanu idikira adzukulu?" anafunsa.

Ndinakhala masiku atatu osamulankhula. Tsiku lachinayi ndinatsuka ndekha bokosi la nsato yaikazi ija, ndi kulisiya lotsegula kuti mayi uja aikemo yaimunayo.

Mazira atabwera, mayiyo anapempha kuti afundidwe m'bokosi la mnzake wa bwana ku Ras Al Khor, kumene dzanja langa silikanafika. Zinandiwawa, koma ndinaona nzeru yake: pasadzakhale wonena kuti ndinabwerezanso cholakwa. Patatha pafupifupi miyezi iwiri anabwera nawo ana asanu ndi mmodzi. Atatu anali ndi mzere woyera, wowongoka ngati wa bambo wawo.

Bwana anakondwa ngati wapeza mgodi. Anati khalas, kutanthauza kuti basi, zakale zatha, viza awonjezera, ndipo anayamba kale kufuna dzina loti apatse mofuyo. Mayi uja anati dzina lidikire mazira ena, kamodzi sikokwanira. Ine ndinati zakale sizinathe, chifukwa ananditsutsa polemba, ndiye andimasule polembanso. Bwana anaseka n'kutembenukira ku njoka zake. Mayiyo anatseka bokosi la tiana tija, naika dzanja pamwamba pake. Bwana anamuyang'ana, anandiyang'ana, kenako anafunsa ngati pali amene ali ndi cholembera.