Ambokile ndi Zilembo za Amuna

Ambokile Mwalwimba adakhala ku Mbeya miyezi inayi yokha, akusesa m'shopu ya mlamu wake yodinda majezi. Koma atabwerera kwawo ku Lupembe, ankakwiya munthu akapanda kumutchula kuti fundi, kutanthauza mmisiri.

Ntchito yake inali yolemba maina ndi manambala pa majezi a mpira. Zilembo zake zinali zonenepa, zamakona ngati njerwa, zowerengeka ngakhale munthu ali kugolo linalo. Kulemba ankakudziwa ndithu. Chomwe chinamuwononga ndi pakamwa.

Tsiku lina kunabwera a Bertha Chimbalanga, namwino wochokera ku Ntcheu amene ankaphunzitsa amayi olima mpunga ku Wovwe mpira wamanja. Ananyamula majezi khumi ndi awiri.

"A fundi, mutilembere kuti AKAMBUKU, zilembo zikuluzikulu zija mumalembera anyamata."

Ambokile anaseka mpaka kutsokomola.

"Amama, zimene zija ndi zilembo za amuna. Zimafuna msana wotakata. Inu ndisiyireni, ndikudziwa zoyenera azimayi."

Patapita sabata, a Bertha anapeza majezi atalembedwa tizilembo topotanapotana ngati ta pa khadi la ukwati, kumapeto kuli kaduwa. Utaima mapazi asanu sukanadziwa ngati palembedwa Akambuku kapena Akabudula.

"Ichi n'chiyani, bambo?"

"Ulemu umenewo," anatero Ambokile, akupukuta burashi osawayang'ana n'komwe.

A Bertha sanakangane naye. Anatenga majeziwo, nakapempha mapepala akale a ekisire amene kuchipatala ankafuna kutaya. Loweruka lonse iwo ndi a Fainess, kaputeni wa timuyo, anakhala pakhonde ndi lezala ndi rula, akuboola zilembo chimodzichimodzi. Anatembenuza majezi aja kunja kukhala mkati, nadinda ndi kasiponji. Penti inadontha pena ndi pena, koma dzina linaoneka, lakuda bii.

Pa mpikisano wa ku Ngara amayiwo anapambana masewero awiri, nagonja amodzi. Atsogoleri a matimu atatu a anyamata anafunsa amene analemba majeziwo, ndipo sabata yotsatira katundu wawo anapita ku Wovwe.

Ambokile atamva, anakwera njinga ulendo wa ku Wovwe, rula ili m'thumba. Anapeza amayi ali pabwalo, nalunjika kumsana kwa a Fainess.

"Taimani, amama. K uyu wapendama, ndikufuna anthu aone okha."

"Adada, mukangondikhudza ndi kamtengo kanuko, mubwerera wapansi," anatero a Fainess osatembenuka.

Amayi anaseka mpaka ena kukhala pansi. Iye anabweza rula m'thumba, nanena kuti dzuwa lachuluka, muyeso sungatuluke bwino.

Masiku ano Ambokile amalemba zikwangwani za ogulitsa makala ndi zoletsa kukodza kuseri kwa magolosale. Aliyense wodikira minibasi pafupi ndi shopu yake amauzidwa kuti namwino uja anaphunzitsidwa ndi iyeyo.