Chotupa cha pamkono wa Meshack

Ba Perpetua Chiti ankasoka madiresi pamsika wa Chilenje. Tinayandikana nyumba, choncho zambiri mwa izi ndinaziona ndekha. Mwana wawo woyamba anamwalira ali wakhanda, ndipo Meshack atabadwa mu 1978, mayiwa anasowa mtendere. Akangoyetsemula mwana, makina ankaima.

Meshack analandira katemera wa chifuwa chachikulu. Patapita masabata angapo, pomwe anamubaya ndi nyeleti, singano ya jakisoni, panatupa, kenako panayamba kutuluka timafinya. Ba Perpetua anazungulira msika wonse akuonetsa kamkonoko. Wina anati afinye, wina anati athowe ndi madzi amchere. Amuna awo, ba Gilson, omwe ankagwira ntchito kugalaji, anabwera ndi kapisozi wogula pamsewu m'tauni.

"Tsegula uthile unga wake pacilonda," anatero. "Ndiye mwamene timacitila ku galaji."

Ba Perpetua anamanga kapisoziyo pamfundo ya chitenje. Ankamasula, kumanganso, kumasulanso. Kuthira ankaopa, kusiya ankaopanso. Pamapeto pake anabereka mwana, ulendo wa kukiliniki, kumene anapeza nesi wina, ba Helen.

"Muli shani, bana Meshack? Mwathamanga monga kwabwela shuga ku shopu!"

"Ba sista, nyeleti yanu yaola mu mwana wanga. Onani."

Ba Helen anayang'ana chotupacho, kenako kapisozi uja, nagwira pakamwa.

"Mwaikapo?"

"Iyai, nikalibe kuikapo."

"Musayese. Mu magazi muli tumaselo toyela, ndiye asilikali a thupi. Katemela ni tuzilombo tofooka, tumene tinaikamo dala kuti asilikali aphunzile kumenya. Apa patupa ndiye pali nkhondo. Akapambana sayiwala, matenda yeniyeni yakabwela azayaziba."

"Asilikali mu kamwana aka? Nanga akudya cani, unga wa nsima usowa so?"

"Bele yanu, mayo. Namo muli citetezo. Muyamwitseni cabe, cilonda musacigwile."

Kusachigwira ndiye kunali kovuta. Ba Perpetua ankasoka pang'ono, n'kudzuka, n'kukweza kamalaya ka mwana, n'kukhalanso. Tsiku lina anasoka dzanja la diresi chagada, mwini diresiyo n'kukalipa. Ba Gilson ankafunsabe za kapisozi wawo, koma akazi awo ankangoti akudikira asilikali amalize.

Chilondacho chinauma chokha, n'kutsala kachipsera kozungulira ngati batani laling'ono. Ba Perpetua anapita nako kukiliniki kukafunsa ngati nakonso sikoopsa.